Anthu 12 amene ayenera kugwirizana onse: mmene amisiri a magetsi ku America amathetsera mikangano ya pantchito

Pa nyumba yaikulu imene ikumangidwa, mmisiri wa magetsi amafika koyambirira ndipo amachoka komalizira. Asanathire konkire, mapaipi odzadutsamo mawaya amayenera kukhala atagonekedwa kale pakati pa zitsulo, atamangidwa bwino, kukamwa kwake kutatsekedwa kuti simenti isalowemo. Mmisiriyo akapanda kubwera tsiku limenelo, galimoto za konkire zimabwerera, wa pulasitala sangatseke khoma, wa siling'i sangakhome kanthu. Ndipo nyumba ikatha, ngakhale penti itauma, palibe amene angalowemo magetsi asanayesedwe ndi kuvomerezedwa. Choncho amisiri 20 okha akaika zida pansi, anthu mazanamazana amasowa chochita, ndipo kontirakitala amayamba kuwerengera chindapusa cha kuchedwa.

Mphamvu yotereyi ndi yaikulu, koma imapweteka ndi mwini wake yemwe. Womanga salipidwa pamwezi ngati wa mu ofesi. Amalipidwa pa ola limene wagwira, ndipo ntchito ikatha pamalo amodzi amayembekezera ina. Sabata ya sitalaka ndi sabata imene sidzabweranso. Ku America, anthu a mbali ziwirizi anazindikira zimenezi zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo anakonza njira yawoyawo yoweruzira mikangano imene ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Mmene zinayambira

Bungwe la amisiriwa, International Brotherhood of Electrical Workers, limene ambiri amangoti IBEW, linabadwira mumzinda wa St. Louis mu 1891. Mtsogoleri wake woyamba, Henry Miller, anali wokwera mapolo, ndipo anafera pantchito yomweyo mu 1896 atagwidwa ndi magetsi n'kugwa. Makontirakitala nawonso anapanga bungwe lawo ku Buffalo mu 1901, limene lero likutchedwa National Electrical Contractors Association, kapena kuti NECA. Kwa zaka pafupifupi 20 mabungwe awiriwa ankakumana makamaka pamkangano. Amisiri ankanyanyala ntchito, mabwana ankatseka mageti, kenako ankagwirizana mokakamizika mpaka nyengo ina yomanga itafika.

Chaka cha 1919 ndicho chinawadzidzimutsa. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha, mitengo ya zinthu inali itakwera kwambiri, ndipo anthu oposa 4 miliyoni ananyanyala ntchito m'dziko lonselo. Mzinda wa Seattle unaima nji mu February, apolisi a ku Boston anachita sitalaka mu September, mafakitale a zitsulo anatsekedwa. Mabwana ambiri anaganiza kuti mankhwala ake ndi kuthetseratu mabungwe a ogwira ntchito. Koma kontirakitala wina wa ku New York, L. K. Comstock, pamodzi ndi anzake angapo, anaona mwina. Anakhala pansi ndi atsogoleri a IBEW, mmodzi mwa iwo mlembi wamkulu wa bungwelo, Charles P. Ford, n'kulemba mfundo zoyendetsera ubale wawo. Misonkhano ikuluikulu ya mabungwe onse awiri inavomereza mfundozo mu 1919, ndipo mu 1920 panakhazikitsidwa bwalo lotchedwa Council on Industrial Relations, mwachidule CIR.

Chaka chimenechi tisachidumphe. Lamulo lalikulu la boma loteteza ufulu wokambirana ndi mabwana monga gulu, National Labor Relations Act, linabwera mu 1935. Ndiye kuti bwalo la amisiri a magetsi linatsogola ndi zaka 15. Palibe nduna kapena woweruza amene anawalamula. Anali anthu otopa ndi kutaya ndalama.

Mkangano umayambira pansi

Anthu ambiri akamva za bwaloli amaganiza kuti dandaulo lililonse limathamangira ku Washington, kumene kuli likulu la bwaloli. Sizili choncho. Mapangano enieni amalembedwa m'madera, pakati pa nthambi ya IBEW ya kumeneko ndi nthambi ya NECA, ndipo nthambi za NECA zilipo zoposa 100. Malipiro a ku Chicago si ofanana ndi a ku Alabama. Koma pali ndime zina zimene zimabwerezedwa pafupifupi liwu ndi liwu m'mapangano ambiri, ndipo yofunika kwambiri ili koyambirira: sipadzakhala kuimitsa ntchito, kaya ndi sitalaka kapena kutsekera antchito panja, chifukwa cha mkangano wokhudza panganolo.

Tiyerekeze kuti pachipatala china chimene chikumangidwa, kapitawo wauza anthu kuti abwere Loweruka kudzakoka mawaya akuluakulu. Pofika tsiku lolandira, amisiri apeza kuti awalipira ngati tsiku wamba, kampani ikunena kuti Lowerukalo linali lobwezera Lachitatu limene mvula inaimitsa ntchito. Amisiri akuti ayi, pangano likuti ya Loweruka ndi ovataimu. Woyamba kumva dandauloli ndi nthumwi ya bungwe pamalopo, mmisiri mnzawo amene amavala chipewa cholimba ngati iwo omwe. Amapita kwa kapitawo ndi kabuku ka pangano m'thumba, n'kumuonetsa ndime yake. Milandu yambiri imathera pomwepo, pakati pa makwerero ndi bokosi la zida.

Zikakanika, nkhani imakwera kwa mkulu wa nthambi ya bungwe ndi woimira makontirakitala. Awiriwa amapatsidwa maola 48 okha. Akalephera, amaipereka ku komiti ya m'deralo, imene nthawi zambiri imakhala ndi anthu atatu a mbali ya antchito ndi atatu a mbali ya mabwana. Komitiyi imamva mbali zonse n'kuvota, ndipo mbali iliyonse ili ndi mavoti ofanana ngakhale wina atajomba. Kuti chigamulo chituluke, pafunika munthu mmodzi awoloke mzere: kontirakitala avomereze kuti mnzake analakwitsa malipiro, kapena wa bungwe avomereze kuti mmisiri amene anachotsedwa ankabweradi mochedwa tsiku ndi tsiku. Zimenezi zimachitika kawirikawiri kuposa mmene munthu wakunja angaganizire, chifukwa makontirakitala amene amalipira moyenera safuna kupikisana ndi mnzawo amene akuzembera pangano. Akamusiya, mawa adzawalanda tenda ndi mtengo wotsika.

Pali ndime ina imene ine ndimaiona kuti ndiyo mwini ntchito, ngakhale siitchuka. Imati nkhani ikakhala m'manja mwa oweruza, zinthu zimakhala mmene zinalili mkangano usanabuke, mpaka chigamulo chituluke. Bwana sangadule malipiro podikira, antchito sangachepetse liwiro la ntchito podikira. Popanda ndime imeneyi, wamphamvu akanamachita zofuna zake n'kumati tionana kubwalo.

Mavoti akafanana, atatu kwa atatu, ndipamene nkhani imanyamuka ulendo wa ku CIR.

Bwalo lopanda mkhalapakati

Apa ndi pamene njirayi imasiyana ndi zimene anthu anazolowera. M'mafakitale ambiri a ku America, mbali ziwiri zikakanika zimaitana munthu wapadera, kawirikawiri loya kapena mphunzitsi wa kuyunivesite, amene alibe mbali, ndipo iye yekha amagamula. CIR ilibe munthu wotero. Pampando pamakhala anthu 12, asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi IBEW, asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi NECA. Amakumana kanayi pachaka, mu February, May, August ndi November. Mbali zokanganazo zimatumiziratu zolemba zofotokoza nkhani yawo, kenako zimabwera kudzalankhula pamaso pa bwalo ndi kuyankha mafunso. Zikatuluka, anthu 12 aja amatsala okha.

Ndipo lamulo lawo ndi lakuti chigamulo chivomerezedwe ndi onse. Osati asanu ndi awiri, osati khumi. Onse 12.

Munthu akangomva amati izi sizingatheke, chifukwa mmodzi yekha wouma mutu akhoza kutseka njira. Koma taganizirani bwino. Pakanakhala wa nambala 13 wopanda mbali, aliyense mwa 12 aja akanangoima nganganga pa mfundo za gulu lake, podziwa kuti wolemba chigamulo ndi wina, ndipo akabwerera kwawo akanati si ine, ndi mlendo uja. Pakanakhala kuti ochuluka apambane, mbali iliyonse ikanamasaka munthu mmodzi wofooka wa mbali inayo n'kumukoka. Lamulo lakuti onse agwirizane limachotsa pothawira ponse. Aliyense amasainira chigamulocho, aliyense amakachiteteza kwa anthu ake, ndipo aliyense akudziwa kuti pakatha miyezi itatu adzakhalanso patebulo lomwelo ndi anthu omwewo, mwina nkhani itatembenuka. Amene wakaniratu lero pa mlandu umene gulu lake lalakwa poonekeratu, adzakanidwa mawa pa mlandu umene gulu lake lili ndi chilungamo.

Ife sitingadabwe nazo kwenikweni. Banja likavuta, amene amakhala pansi ndi ankhoswe, wakuchimuna ndi wakuchikazi. Aliyense ali ndi mbali yake ndipo sabisa, koma onse awiri anaikapo dzina lawo kuti banjalo likhale, ndipo nkhoswe yabwino imadziwa kudzudzula m'bale wake yemwe.

Chinanso n'chakuti anthu 12 amenewa ntchitoyi amaidziwa. Safunika kuwafotokozera kusiyana kwa ntchito ya m'nyumba zogona ndi ya m'fakitale yoyenga mafuta, kapena chifukwa chimene chiwerengero cha ophunzira ntchito pa mmisiri mmodzi chimautsira mapiri pachigwa. Kwa kontirakitala, wophunzira ndi wotchipa. Kwa bungwe, ophunzira ochuluka mopitirira ndi njira yochotsera amisiri okhwima, komanso ndi ngozi, chifukwa mwana amene sakuyang'aniridwa bwino pa bolodi ya magetsi amphamvu akhoza kufa. Ophunzirawa amatha zaka pafupifupi zisanu, maola 8,000 ali pantchito kuonjezera pa a m'kalasi, pansi pa ndondomeko imene mabungwe awiriwa akhala akuyendetsera limodzi kuyambira 1941. Thumba la penshoni la dziko lonse, limene makontirakitala amaponyamo 3 peresenti ya malipiro, analikhazikitsanso limodzi mu 1946. Anthu amene akusunga sukulu limodzi ndi penshoni limodzi savutika kwambiri kupeza chifukwa chomvana.

Milandu iwiri yosiyana

Mlandu wa Loweruka uja ndi wosavuta, chifukwa pangano lilipo kale ndipo funso ndi lakuti mawu ake akutanthauza chiyani. Mtundu wachiwiri ndiwo wolemera. Pangano likamatha, mbali imene ikufuna kusintha kanthu imalemba kalata masiku 90 lisanathe, ndipo zokambirana zimayamba. Bungwe likufuna malipiro akwere ndi madola akutiakuti pa ola, makontirakitala akuti msika sulola. M'ntchito zina, apa ndi pamene sitalaka imabadwira, ndipo lamulo limaloleza. Koma m'madera amene anasaina ndime yonse ya CIR, mbali iliyonse payokha ikhoza kutengera mfundo zotsalazo ku bwalo, ndipo bwalo limalemba lokha malipiro atsopano ndi zina zonse zimene zinakanika. Chigamulocho n'chomaliza. Mamembala savoteranso.

Pamenepa bwalo silikumasulira pangano, likulemba pangano m'malo mwa eni ake. Limayang'ana zimene amisiri a mizinda yoyandikana akulandira, zimene akalipentala ndi mapulambala a m'deralo apeza, kukwera kwa mitengo ya zinthu, ndiponso gawo la ntchito limene lapita kale kwa makontirakitala opanda bungwe. Mfundo yomalizayi imalemera kwambiri, chifukwa malipiro okwera pa ntchito imene kulibe sadyetsa munthu.

Ubwino wina wa bwaloli uli pa milandu imene sifikako n'komwe. Nthumwi za m'dera zikudziwa kuti zikalephera kumvana, anthu a kutali adzawalembera pangano, ndipo palibe amene angalosere kuti lidzakomera ndani. Mantha amenewo amachititsa kuti ambiri asainirane kwawo tsiku lomaliza lisanafike. Koma mankhwala omwewa ali ndi mbali yake yoipa. Mtsogoleri wa nthambi amene akuopa chisankho akhoza kukana mwadala mgwirizano wabwino, n'kutumiza nkhani ku Washington, kuti chigamulo chikabwera chosakoma auze mamembala kuti si iye. Kontirakitala naye akhoza kusunga mtengo wake weniweni poganiza kuti bwalo lidzangodula pakati.

Nanga amene wakana kumvera?

Kwa zaka zoyambirira, chimene chinkagwira chigamulo chinali ulemu wa mabungwe awiriwo basi. Mano a lamulo anabwera pambuyo. Lamulo la Taft-Hartley la 1947 linatsegula makhoti a boma lalikulu ku milandu yophwanya mapangano a pantchito. Mu 1957, pa mlandu wa Lincoln Mills, Khoti Lalikulu la dzikolo linati lonjezo lopita kwa oweruza apadera likhoza kukakamizidwa ndi khoti. Mu 1960, pa milandu itatu ya bungwe la ogwira ntchito m'mafakitale a zitsulo, linaonjezera kuti jaji sayenera kubwereza mlandu wonse kapena kuika maganizo ake m'malo mwa a woweruza amene mbali ziwiri zinasankha. Mu 1963, pa mlandu wa kampani ya malole ya Riss, linati chigamulo cha komiti ya mbali ziwiri chili ndi mphamvu yomweyo, malinga ngati pangano likuti n'chomaliza. Ndipo kuyambira pa mlandu wa Boys Markets mu 1970, bwana akhoza kukatenga chiletso kukhoti ngati antchito anyanyala pa nkhani imene analonjeza kuti idzapita kwa oweruza.

Amene amalira kwambiri ndi malamulo amenewa kawirikawiri ndi kontirakitala wamng'ono. Kuti alembe amisiri a bungwe, safunika kukambirana pangano lakelake. Amasaina kapepala kamodzi kovomereza kuti nthambi ya NECA izimulankhulira. Malamulo a ntchito yomanga, kuchokera mu 1959, amalola kusaina pangano lotere ngakhale asanalembe munthu ndi mmodzi yemwe. Kulowa n'kosavuta. Kutuluka kumafuna kalata yolembedwa masiku osachepera 150 tsiku lothera pangano lisanafike, ndipo ngakhale atatuluka mu NECA, ndime ya CIR ya m'pangano lakale ikhoza kumumangabe. Alipo ambiri amene anangoona envelopu ikubwera ndi pangano latsopano la zaka zingapo, lolembedwa ndi bwalo limene sanapiteko. Akapita kukhoti amati, theka la oweruzawo ndi a bungwe, theka linalo ndi anzanga opikisana nawo, chilungamo chili pati? Makhoti nthawi zambiri amayankha kuti munasaina mukudziwa mmene bwalolo lilili. Pali malire ena amene amawateteza: oweruza sangaike ndime ya CIR yomweyo m'pangano latsopano ngati mbali ina ikukana, chifukwa atatero munthu akanamangidwa mpaka kalekale.

Dandaulo lawo si lopanda pake. Njira imene inakonzedwa ndi magulu awiri akuluakulu imasamala magulu awiriwo poyamba.

Mtengo umene mmisiri amalipira

Tsopano tione mbali ya munthu wa pamakwerero. Chida chake chachikulu ndi kuika zida pansi, ndipo ndime ya CIR imamulanda chida chimenecho ngakhale panthawi imene lamulo la dziko likanamulola. Nthawi imene ntchito yachuluka, monga zaka zino pamene akumanga nyumba zikuluzikulu zosungiramo makompyuta ndi mafakitale a mabatire, amisiri ndi osowa ndipo akanakhoza kufinya mabwana. M'malo mwake amalandira chimene anthu 12 agwirizana, ndipo asanu ndi mmodzi a mbali yawo sanasankhidwe ndi mamembala a m'deralo, anasankhidwa ndi likulu. Mkwiyo umenewu umamveka m'misonkhano ya nthambi zambiri, ndipo ndi womveka. Woteteza bwaloli amayankha kuti nthawi ya njala, monga itagwa misika mu 2008, ndime yomweyo imaletsa mabwana kutseka mageti kapena kugwetsa malipiro mwachisawawa. Zonse ziwiri n'zoona. Bwaloli limadula nsonga za phiri ndi kukwirira zigwa, ndipo amene ali pamwamba chaka chino ndiye amaona ngati waberedwa.

N'chifukwa chake si madera onse amene anavomera ndime yonseyo. Ena ali ndi ndime yofewerapo, imene imati pa nkhani ya pangano latsopano, bwalo lingalowerere pokhapokha mbali zonse ziwiri zitavomera. Kumeneko sitalaka ikadali yotheka. Mu 2024 amisiri pafupifupi 1,000 a nthambi ya Local 46 m'chigawo cha Seattle, amene amaika mawaya a intaneti, ma alamu ndi makamera, ananyanyala ntchito kwa milungu pafupifupi 10, ndipo chimodzi mwa zimene ankafuna ndi malipiro a masiku a tchuthi. New York nayo ili ndi mbiri yakeyake. Nthambi ya Local 3, motsogozedwa ndi Harry Van Arsdale Jr., inapanga bodi yakeyake ndi makontirakitala a mumzindawo mu 1943, koma mu 1962 inachitabe sitalaka imene inawapezera sabata ya maola 25. Choncho akamati ntchito ya magetsi ku America ilibe sitalaka, ndi mawu onyadira amene ali ndi choonadi chambiri, koma si choonadi chonse.

Pali chinanso chimene mmisiri ayenera kudziwa. Dandaulo likakwera, mwini wake ndi bungwe, osati iye. Bungwe likhoza kuona kuti mlandu wake ndi wofooka n'kuusiya. Chitetezo chake ndi lamulo limene Khoti Lalikulu linalongosola mu 1967 pa mlandu wa Vaca v. Sipes, lakuti bungwe lisachite mwatsankho, mwachinyengo kapena mopanda chifukwa. Kutsimikizira zimenezo n'kovuta. Ndipo pa nkhani ya ndani atumizidwe kuntchito poyamba, imene imayendera mabuku a pa ofesi ya bungwe momwe anthu amalembetsa malinga ndi luso ndi kumene amakhala, wodandaulayo akulimbana ndi bungwe lake lomwe. Apa pokha ndi pamene mapanganowa amavomereza kuti mbali ziwiri sizikwanira: komiti ya apilo imakhala ndi mmodzi wa bungwe, mmodzi wa mabwana, ndi wachitatu wochokera kunja.

Zimene bwaloli silikhudza

Mikangano ina si ya bwana ndi wantchito, ndi ya amisiri okhaokha. Ndani amange zitsulo zokhazikapo masola, wa magetsi, wa zitsulo kapena kalipentala? Ndani akumbe ngalande ya mapaipi a mawaya? CIR singagamule zimenezi, chifukwa mabungwe enawo sali m'gulu lake. Zimapita ku ndondomeko ina imene mabungwe a omanga akhala nayo m'maonekedwe osiyanasiyana kuyambira 1948, kapena ku bodi ya boma ya National Labor Relations Board, imene imamvanso milandu ya munthu wochotsedwa ntchito chifukwa cholowa bungwe, malinga ngati wadandaula miyezi isanu ndi umodzi isanathe. Za ngozi pantchito zili ndi nthambi yake ya boma, OSHA, yochokera m'lamulo la 1970.

Koma mpata waukulu kuposa yonse ndi uwu: mwa anthu onse ogwira ntchito yomanga ku America, pafupifupi mmodzi yekha mwa khumi ndiye ali m'bungwe. Amisiri a magetsi ali pamwamba pa chiwerengero chimenechi, komabe ambiri ali kunja. Iwowa alibe nthumwi ya kabuku m'thumba, alibe komiti ya atatu kwa atatu. M'madera pafupifupi onse a dzikolo bwana akhoza kuchotsa munthu popanda kupereka chifukwa, malinga ngati sikuphwanya lamulo la tsankho kapena lina lotero. Ambiri amasainitsidwa polowa ntchito kuti sadzapita kukhoti koma kwa woweruza wapadera, aliyense payekha, ndipo Khoti Lalikulu linavomereza zimenezi mu 2018 pa mlandu wa Epic Systems. Pepalalo limafanana ndi la CIR pa mawu, koma kusiyana kwake n'kwakukulu. Ku CIR, theka la bwalo ndi la antchito, ndipo kumbuyo kwawo kuli bungwe la anthu oposa 800,000. Kuno munthu ali yekha, ndipo malamulo a masewero analemba ndi bwana.

Apa ndi pamene ine ndaima. Chimene chapangitsa bwaloli kukhala zaka zoposa 100 si ubwino wa mtima wa makontirakitala kapena kufatsa kwa amisiri. N'chakuti mbali zonse ziwiri zinali ndi mphamvu yopweteka inzake, ndipo zinasankha kusinthanitsa mphamvuyo ndi mpando wofanana. Wina akachotsa mphamvuyo n'kusiya mipando yokha, chotsala ndi njira yoti wofooka asainire kugonja kwake.

Kumene abale athu ambiri akugwira ntchito, maganizo omwewa alipo m'zovala zina. Ku Britain, bungwe la amisiri ndi la makontirakitala anakhazikitsa Joint Industry Board mu 1968, atatopa ndi masitalaka a pamalo omangira, ndipo bodiyi imaika magiredi a luso, malipiro ndi njira ya madandaulo. Sinathetse zonse. Mu 2009 kunapezeka kuti bungwe lina lachinsinsi, Consulting Association, linkasungira makampani omanga mayina a anthu oposa 3,000 amene sankayenera kulembedwa ntchito, ambiri mwa iwo amisiri a magetsi amene mlandu wawo unali kudandaula za chitetezo kapena kuimira anzawo. Ndipo mu 2011, makampani akuluakulu asanu ndi atatu atafuna kuchoka m'mapangano akale n'kubweretsa awoawo, amisiri wamba anadzaza pamageti m'mamawa sabata ndi sabata, mpaka mu February 2012 kampani ya Balfour Beatty inabwerera m'mbuyo ndipo enawo anatsatira. Anapulumutsa tebulo la zokambirana pogwiritsa ntchito msewu.

Ku South Africa, pansi pa lamulo la 1995, ntchito ya magetsi ili ndi khonsolo yakeyake ya mabwana ndi mabungwe, National Bargaining Council for the Electrical Industry, ndipo nduna ikhoza kulamula kuti mapangano ake amange ngakhale makontirakitala amene sali mamembala. M'bale amene akukoka mawaya ku Johannesburg kapena ku Cape Town akachotsedwa ntchito mopanda chilungamo, ali ndi masiku 30 okha oti apereke dandaulo lake, ndipo pa ntchito imene ili pansi pa khonsolo yotere, khomo loyamba kugogoda ndi la khonsoloyo, osati la CCMA, bungwe la boma loweruza mikangano ya pantchito, limene aliyense kumeneko amalidziwa.

Ku Malawi tinalawako pang'ono. Khoti la Industrial Relations Court, loyendetsedwa ndi lamulo la 1996, linkaweruza wapampando atakhala ndi nthumwi ya olemba ntchito ndi ya ogwira ntchito. Milandu inkachedwa kwambiri, mwa zina chifukwa nthumwizo sizinkapezeka tsiku la mlandu, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inazichotsa. Kusintha komweko kunapatsanso mabwana mphamvu yodula malipiro a anthu amene anyanyala ntchito kupitirira masiku atatu pachaka.